Kalata ya Chilembwe ndi misewu ya Blantyre

Zionetsero za dziko lonse zimalengezedwa ndi atsogoleri a mabungwe, kuti Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi Blantyre atuluke tsiku limodzi. Koma thukuta lenileni limakhala la anthu a m'deralo. Ndiwo amalembera bwanamkubwa kalata yomudziwitsa maola 48 tsikulo lisanakwane, monga lamulo la apolisi la 2010 linenera, ndiwo amakambirana ndi apolisi za njira yodutsa, ndiwonso amamema anthu ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni kuti adzadzaze msewu wa Masauko Chipembere. Tinaziona pa 20 Julaye 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anafa m'dziko muno, tinazionanso mu 2019 pa nkhani ya chisankho. Tagubira mafuta, ndalama zakunja ndi mavoti. Nkhondo yokha ndiye sitiigubira, ngati kuti ndi nkhani ya eni ake kutali. Chonsecho mzinda uno uli ndi mbiri yokana nkhondo yomwe yapitirira zaka 100.

Mu Seputembala 1914 asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana ku Karonga. Ambiri mwa omwe anagwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Patapita miyezi iwiri, m'busa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yomwe inkasindikizidwa mu Blantyre muno. Sanalankhule za mafumu a ku Ulaya kapena za yemwe anayamba ndewu. Analankhula za kwawo. Anakumbutsa kuti ana a dziko lino anakhetsa kale magazi m'nkhondo za azungu ku Gold Coast ndi ku Somaliland, osapindulapo kanthu. Anadandaula kuti pa mtendere zabwino zonse zimakhala za azungu, koma nkhondo ikabuka wakuda amasanduka wofunika. Ndipo anati ngati nkhondo ikufunikadi, apite olemera, eni masitolo ndi eni minda akawomberedwe okha, m'malo motenga amphawi omwe akafa amangosiya amasiye ndi ana amasiye ali manja lende.

Boma la atsamunda linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Nthawi imeneyo munthu wakuda analibe ufulu woguba, analibe bungwe la dziko lonse loti alumikizane nalo, ndipo khomo limodzi lomwe anagogoda linatsekedwa. Chomwe chinatsatira chimandiwawa ndikamachiganizira: munthu yemwe analemba zokana nkhondo mu Novembala anatenga zida pa 23 Januwale 1915. Anthu ake ena anapita ku Magomero komwe anapha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya kumeneko, ena anabwera ku Mandala kudzathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya African Lakes, koma anangotenga zochepa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa akulowera cha kumalire a Mozambique, ndipo tchalitchi chake chinagumulidwa. Pa 15 Januwale chaka chilichonse timakumbukira kwambiri kuukirako. Kalata ija, yomwe kwa ine ndi yolemera kuposa mfuti za ku Mandala, imatchulidwa mongodutsa.

Ndipo zomwe ankaopa zinachitikadi. Nkhondo ija, yomwe makolo ankaitcha ya chiwaya potengera mfuti yolavula zipolopolo, inatenga amuna pafupifupi 200,000 omwe anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda osaonako mdani. Kumudzi minda inagonera.

Ufulu womwe Chilembwe analibe unabwera movutikira, ndipo mbali ina unamenyedwera m'misewu yomweyi. Mu Januwale 1960 anthu anasonkhana panja pa hotela ya Ryall's pomwe nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inali m'katimo, kufuna kuti Dr Banda atulutsidwe m'ndende. Mu Meyi 1992 sitiraka ya ogwira ntchito ku David Whitehead inafalikira mzinda wonse ndipo anthu anawomberedwa. Malamulo aakulu a 1994, mu gawo 38, ndiwo analemba poyera kuti aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida.

Nkhondo sinatalikirane nafe chiyambire. M'zaka za m'ma 1980 asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo a ku Mozambique anafika pa miliyoni m'dziko muno, ambiri ku Nsanje, Mulanje, Mwanza ndi Dedza. Mu Januwale 2025 asilikali atatu a Malawi anaphedwa kum'mawa kwa DRC, ndipo mwezi wotsatira boma linalamula kuti akonzekere kubwerera kwawo. Maliro amenewo analiridwa m'makomo mwathu. Wokonza chionetsero chokana nkhondo mu Blantyre ayambire pamenepo, pa mayi wamasiye wa msilikali ndi ana ake a sukulu, monga anayambira m'busa wa ku Mbombwe uja. Gululo likadzafika pa Ginnery Corner, pafupi ndi maofesi a Daily Times, yomwe ndi mdzukulu wa Nyasaland Times, lidzaime pang'ono wina awerenge kalata ya 1914 mokweza m'Chichewa.