Mafunso ndi mayankho: za malo ndi msonkho ku Tenochtitlan, funso lomwe lakugwetsani ambiri lija

Chibwezereni mapepala a mayeso aja pakhomo la ofesi sipakutha anthu, aliyense akufuna timuonjezere malikisi pa funso la calpulli, lija la momwe malo ndi msonkho zinkayendera ku Tenochtitlan, mzinda wa Aaziteki akale a ku Mexico. Aphunzitsi tatopa kubwereza zomwezomwezo kwa mmodzimmodzi ndiye tangoti tilembe pano, werengani kaye musanabwere.

Calpulli ndi chani kwenikweni?

Gulu la mabanja okhala dera limodzi mmizinda ya Aaziteki, lokhala ndi malo ake, kachisi wake ndi sukulu yake ya achinyamata, telpochcalli.

Tenochtitlan yo inali kuti?

Pachilumba mnyanja ya Texcoco, pomwe pali Mexico City lero. Mbiri ya eniake imati mzindawu unayamba 1325, unagwa 1521.

Ndinalemba kuti aliyense ankapatsidwa munda ulere, mwandithetha. Chifukwa?

Apa ndi pomwe pavuta. Sitikuti zonse munalakwa ayi, koma mawu awiriwo, "aliyense" ndi "ulere", ndi omwe anakugwetsani. Malo anali a calpulli yonse, banja la anthu wamba, macehualtin, linkapatsidwa gawo loti lizilima ndipo makolo akamwalira ana ankapitiriza pomwepo, koma kugulitsa kunalibe. Alonso de Zorita, woweruza wachisipanishi yemwe analemba zimenezi mzaka za mma 1500, anati ukausiya munda zaka 2 osalima popanda chifukwa chomveka ankakuchenjeza, ukakakamirabe mundawo ankaupereka kwa wina, ukasamukanso munda unkabwerera kwa gulu. Ndiye panalinso mayeque, anthu olima malo a olemekezeka, pipiltin, awowa munda sunali wawo nkomwe. Komanso musaiwale kuti tikukamba za mzinda, mkati mwenimwenimo anthu ambiri sanali alimi, madera ena anali a amalonda otchedwa pochteca ena a amisiri ngati amanteca okonza zovala za nthenga, minda ikuluikulu ya chinampa, yomwe ankaiunjika mmadzi osaya a nyanja, inali kummwera cha ku Xochimilco ndi Chalco.

Tivomereze pangʼono: manotsi athu pamenepa anadula kwambiri. Zorita analemba mzinda utagwa kale ndipo akatswiri sagwirizana ngati lamulo lakelo linkayenda chimodzimodzi paliponse. Koma amene anangolemba "ulere" basi osatchula china chilichonse, ameneyo asatinamizire manotsi.

Kodi nzoona kuti zigawo zinayi za mzinda munatiphunzitsa?

Eya, sabata yoyamba yomwe. Moyotlan, Teopan, Atzacoalco ndi Cuepopan, pakati pake bwalo la akachisi. Tlatelolco, yoyandikana nayo ya msika waukulu, inali mzinda pawokha mpaka Axayacatl, mfumu ya Tenochtitlan, anaigonjetsa mu 1473.

Nanga msonkho ankalipira ndani, ndipo ndi chani poti ndalama kunalibe?

Ambiri munasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba ndi tequitl, udindo wa anthu wamba kwa mfumu yawo, mwina katundu ngati chimanga ndi nsalu, mwina thukuta lenileni, kupita mosinthana kukagwira ntchito za mzinda. Misewu yodutsa pamadzi yopita ku Tlacopan, Tepeyac ndi Iztapalapa, ngalande ya madzi akumwa yochokera ku Chapultepec, zonsezi sizinadzimange zokha. Chachiwiri ndi msonkho wa madera ogonja pankhondo womwe ankatolera ma calpixque, buku lakale la zithunzi lotchedwa Codex Mendoza lili ndi mndandanda wake, nsalu zathonje, koko, nthenga, zovala zankhondo, wina ukubwera pakatha masiku 80, wina kawiri pachaka, wina kamodzi. Mgwirizano wa 1428 wa Tenochtitlan, Texcoco ndi Tlacopan nkhani zakale zimati unkagawana msonkhowu magawo 5, awiri awiri kwa oyambawo limodzi kwa Tlacopan, ngakhale pofika kumapeto Tenochtitlan ndiye inali ndi mawu. Olemekezeka sankasenza tequitl ngati wamba, awo udindo unali kunkhondo ndi muulamuliro. Zoti ndalama kunalibe nazonso tisamale, makobiri achitsulo ngati athu eya kunalibe koma pamsika njere za koko ndi nsalu zathonje zinkagula zinthu bwinobwino.

Ndinafanizira mayeque ndi thangata, ndinalakwa?

Ife tomwe sitinagwirizane pamenepa. Kufanana kulipo, munthu kugwira ntchito chifukwa wakhala pamalo a wina, koma thangata yomwe tikuidziwa ya mmaesiteti a azungu kummwera kuno inabwera ndi atsamunda, pomwe mayeque anali mbali ya dongosolo la eni dziko Cortés, Msipanishi yemwe anagonjetsa mzindawu, asanafike. Amene anafanizira nkusonyezanso kusiyanaku tinamupatsa, amene anangoti "ndi thangata basi" tinamudula theka.

Ndiye muchonganso kapena ayi?

Funso la munda lokha, enawo ayi. Bweretsani pepala lenilenilo osati chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo dziwani kuti tikaliwerenganso malikisi atha kukwera kapena kutsika.