Ubongo sulandira uthenga wochokera mawa

Pa WhatsApp kuno ku Dedza pakuyenda uthenga woti asayansi atsimikiza kuti ubongo umadziwiratu za mawa. Ndi bodza, ndipo zimandiwawa kuona anyamata obetcha mpira akuluza nalo ndalama.

Ubongo uli ndi manyuroni (maselo otumizirana mauthenga) pafupifupi 86 biliyoni, koma umalosera potengera zomwe unaona kale, monga mlimi wa kachewere ku Bembeke amadziwira mvula poona mitambo.

Mphekeserazi zimatsamira pa kafukufuku wa kuwala amene wasayansi wina, John Wheeler, anaganizira mu 1978. Akatswiri ena amati m'kafukufukuyo chochitika pambuyo chimaoneka ngati chikukhudza choyamba, komabe njirayo singatumize uthenga m'mbuyo. Zimatsamiranso pa kafukufuku wa Daryl Bem, katswiri wa za maganizo a anthu, amene mu 2011 ananena kuti anthu amamva zamtsogolo. Ofufuza ena atabwereza kafukufuku wake mu 2012, sanapeze umboni.