Thandizo kwa odwala matenda a borderline personality disorder

Matenda a maganizo amene madokotala amawatchula kuti borderline personality disorder amayamba kuonekera munthu akamasinkhuka kapena akangofika kumene pauchikulire. Wodwalayo amakhala ndi mantha aakulu akuti okondedwa ake amusiya, mtima wake umatembenuka kangapo pa tsiku limodzi, amapsa mtima mosadziletsa, amadziona ngati wopanda pake, ndipo ena amafika podzicheka kapena kuganiza zodzipha. Pakhomo ambiri amati ndi mwano kapena walodzedwa, koma amenewa ndi matenda, ndipo amakhudzana ndi chibadwa cha munthu komanso nkhanza kapena kusasamalidwa paubwana, ngakhale kuti si odwala onse amene anakumana ndi zotere.

Thandizo lenileni ndi uphungu wa nthawi yaitali ndi katswiri wa zamaganizo. Njira ya uphungu yodziwika kwambiri ndi dialectical behaviour therapy (DBT), imene inayambitsidwa ndi katswiri wa zamaganizo Marsha Linehan wa ku University of Washington ku America, yemwe mu 2011 anaulula poyera kuti nayenso anavutika kwambiri ndi maganizo ali mtsikana. Pa njirayi wodwala amakumana ndi mlangizi wake sabata iliyonse, komanso amaphunzira pagulu mmene angapirire mtima ukamawawa popanda kudzivulaza, mmene angazindikire mkwiyo usanakule, ndi mmene angapemphe kapena kukanira chinthu osawononga ubale. Zimenezi zimatenga miyezi yambiri, kawirikawiri chaka chathunthu, ndipo kubwerera m'mbuyo nthawi zina sikutanthauza kuti thandizolo lalephera. Kafukufuku wotsatira odwala kwa zaka khumi anaonetsa kuti ambiri zizindikiro zawo zimachepa kwambiri, ndipo mfundo imeneyi wodwala aliyense ayenera kuuzidwa.

Palibe mapiritsi ochiza matendawa mwachindunji. Dokotala angapereke mankhwala a mavuto ena amene amabwera limodzi nawo, monga kukhumudwa kwambiri ndi nkhawa, koma si bwino kugula nokha kapena kusiya mwadzidzidzi. Mowa ndi chamba zimakulitsa vutoli.

Ku Malawi, poyambira ndi kuchipatala cha boma lanu, kumene mungapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Iwo angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Bwaila ku Lilongwe kapena ku Saint John of God ku Mzuzu. Akatswiri ndi ochepa, choncho musagwe mphwayi ngati mwauzidwa kudikira. Funsani tsiku lobweranso ndipo mulisunge.

Inu achibale, mvetserani kaye musanayambe kulangiza, ndipo vomerezani kuti m'bale wanuyo akumvadi ululu ngakhale simukugwirizana ndi zochita zake. Muli ndi ufulu womuuza modekha zimene simungalole, ndipo nanunso mungapemphe uphungu mukatopa. Akanena zodzipha, musaganize kuti akungoopseza: musamusiye yekha, chotsani mankhwala, tameki, zingwe ndi mipeni pafupi naye, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.