N'chifukwa chiyani mliri umazilala kenako n'kubukanso?

"Matendawa anali atachepa, nanga abwereranji?" Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo yankho lake limayambira pa masamu osavuta.

Tiyerekeze kuti wodwala aliyense akupatsira anthu awiri pamasiku 5. Poyamba palibe amene amatekeseka: awiri, anayi, asanu ndi atatu. Koma pofika tsiku la 50, odwala atsopano amakhala atapitirira 1,000. Ife a zaumoyo maso athu amakhala pa chiwerengero chimenechi, cha anthu omwe wodwala mmodzi amawapatsira. Chikakhala pansi pa 1, mliri umazilala. Chikangodutsa pang'ono, moto wayakanso.

Kachilombo nako sikakhala chimodzimodzi, kamasintha pamene kakuswana. Mtundu wa Delta wa COVID-19 unkafala msanga kuposa wakale, ndipo mu May 2021 dziko la India linafika popeza odwala oposa 400,000 tsiku limodzi. Mtundu wina wotchedwa Omicron, womwe South Africa inaulengeza ku dziko lapansi mu November 2021, unkagwira ngakhale omwe anadwalapo kale kapena anabayitsa katemera, ngakhale kuti katemerayo ankatetezabe ambiri kuti asadwale mwakayakaya. Pamwamba pa izi, chitetezo cha m'thupi chimafooka miyezi ikamapita.

Komabe kwa ine, chachikulu ndi zochita za anthu. Chiwerengero chikatsika timapuma, timavula mamasiki, timayambanso kusonkhana. Sindikudzudzula, kutopa ndi umunthu. Koma tizilombo ta m'mapapo timakonda chipinda chodzaza chotseka mawindo, momwe mpweya womwe wina wapuma umangozungulira mommo. N'chifukwa chake m'mayiko ozizira mafunde ambiri a matendawa amabwera m'nyengo yachisanu, anthu atadzitsekera m'nyumba. Pa 28 September 1918, chimfine choopsa chili mkati, mzinda wa Philadelphia ku America unalola chionetsero cha mumsewu chomwe chinasonkhanitsa anthu pafupifupi 200,000. Pasanathe sabata, zipatala za mumzindamo zinali zitadzaza.

Chomwe chimanyenga kwambiri n'chakuti ziwerengero zimachedwa. Munthu akatenga kachilomboka pamapita masiku asanamve kanthu, kwinaku akupatsira anzake. Pamapitanso masiku asanayezedwe, ndi ena asanagonekedwe m'chipatala. Choncho mabedi akamadzaza lero, kupatsirana kwake kunachitika sabata ziwiri kapena zitatu zapitazo, nthawi yomwe aliyense ankati zinthu zili bwino.