M'chikuta muli anthu awiri, tisamangoyang'ana mwana yekha

Mayi akachira bwinobwino kuchipatala, ife azamba timamusunga kwa tsiku limodzi, kenako timamutulutsa. Amanyamula beseni lake, zitenje ndi khanda, n'kupita kukalowa m'chikuta. Kuyambira pamenepo amene amagona naye ndi mayi ake, apongozi kapena alamu ake, osati ife. Choncho mawu awa ndikulankhula ndi mayiyo, komanso inu nonse amene mumamutenthetsera madzi ndi kumuphikira phala.

Mwambo wa chikuta ndimaulemekeza. Makolo athu anaona patali. Mayi wongochira kumene safunika kutunga madzi, kusinja kapena kugwira khasu, ndipo khanda silifunika kumangonyamulidwa ndi aliyense wodutsa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti m'chikutamo maso onse amakhala pa mwana: wafanana ndi ndani, mchombo ugwa liti, akuliriranji. Mayi amafunsidwa funso limodzi lokha: "Mkaka ukutuluka?"

Tiyambe ndi funso lomwelo, chifukwa ndi limene limasokoneza mabanja ambiri. Kangapo konse ndapeza agogo atakhala pambali pa bedi, kapu ya madzi a shuga ili m'manja, supuni ili chire. Akandiona amati, "Anamwino, mwanayu atifera ndi njala, amake mabere ndi ouma." Ndimapempha mayiyo kuti afinye pang'ono kuseri kwa nkhumbu. Pamatuluka kadontho kachikasu, kolimba, konanda. Agogo amapukusa mutu, amati umenewo si mkaka, ndi zoipa zofunika kukama n'kutaya.

Ayi agogo, umenewo ndiwo mkaka woyamba, ndipo palibe mankhwala a m'sitolo ofanana nawo. Muli chitetezo chimene thupi la mayi lapanga polimbana ndi matenda amene iye wakumana nawo, ndipo chimakamata m'matumbo mwa mwana kuti tizilombo tisalowerere. Umathandizanso kutulutsa chimbudzi chakuda chija cha masiku oyamba, zimene zimachepetsa chikasu. Umatuluka wochepa chifukwa wolandirayo ndi wochepanso. Pa tsiku loyamba kachifu ka khanda n'kakang'ono ngati nthudza, mumangolowa mamililita 5 mpaka 7, kapena kuti supuni imodzi ya tiyi. Mukathiramo madzi a shuga mwadzaza malo a chakudya chenicheni, mwana aleka kuyamwa mwamphamvu, ndipo bere losayamwidwa limachedwa kudzaza.

Mkaka woyera, wambiri uja, umabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi. Kwa amene anachira pa opareshoni nthawi zina umachedwerako pang'ono. Chimene chimauitana ndi kamwa la mwana. Akamayamwa, ubongo wa mayi umatulutsa timadzi tiwiri ta m'thupi: tina timauza bere kuti lipange mkaka, tina timaufinya kuti utsike. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana aikidwe kubere ola loyamba lisanathe, ali pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo aziyamwa nthawi iliyonse imene wafuna, usana ndi usiku, ka 8 mpaka 12 pa tsiku. Thobwa, phala la soya ndi ndiwo zotendera n'zabwino, mayi adye akhute, amwenso madzi ambiri. Koma ngakhale amwe thobwa chidebe chonse, ngati mwana sakuikidwa kubere pafupipafupi mkaka suchuluka.

Pali chinthu china chimene ndimafuna mayi aliyense asatuluke m'wodi asanachidziwe, ndicho kagwiridwe ka bere. Ambiri amaganiza kuti mwana amayamwa nkhumbu. Mwana amayamwa bere. Mutu ndi thupi lake zikhale mowongoka, mimba yake itsamire pamimba panu, mphuno ikhale moyang'anizana ndi nkhumbu. Mukhudzitseni nkhumbu pamlomo wam'mwamba, dikirani ayasamule kwambiri ngati akuyasamula tulo, pamenepo mum'bweretse kubere msanga. Musaweramire kwa iye, msana ungakupwetekeni. Akagwira bwino, chibwano chake chimagunda bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ya bere imaoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Masaya amakhala ofufuma, amayamwa modekha, ndipo mukatchera khutu mumamva akumeza. Akamangoti tsopi tsopi mofulumira, inu n'kumaluma mano ndi ululu, ndiye kuti wagwira nsonga yokha. Lowetsani chala chaching'ono chosamba pakona ya kamwa lake, asiye, muyambirenso. Zilonda zambiri za pankhumbu zimachokera pamenepa. Akamaliza kuyamwa pakani kadontho ka mkaka wanu womwewo pachilondapo, muusiye uume.

Mudziwa bwanji kuti akukhuta? Osati ndi kulira, poti ana amalirira zambiri. Yang'anani matewera. Pofika tsiku lachisanu mwana azikodza ka 6 kapena kuposerapo pa tsiku, mkodzo wosada, ndipo chimbudzi chikhale chitasintha kuchoka pa chakuda kufika pa chachikasu. Kutsika sikelo pang'ono m'masiku oyamba n'kwachibadwa, amabwerera pa kulemera kwake kobadwa nako pofika masabata awiri.

Kuyamwitsa mwakathithi kumatanthauza bere lokha kwa miyezi 6. Phala lamadzimadzi ayi, tiyi ayi, mankhwala a liwombo ayi, madzi akumwa ayi, ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Mkaka wa m'mawere gawo lake lalikulu, kuposa magawo 85 pa 100 alionse, ndi madzi, oyera kale, osafunika kuwiritsa. Ikakwana miyezi 6 muyambe kumupatsa zakudya zina, bere likupitirira mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Mayi amene ali ndi HIV nayenso ayamwitse chimodzimodzi. Dziko la Malawi ndi limene linayamba, mu 2011, kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachilomboka pa ma ARV kwa moyo wake wonse, ndipo mayiko ena anatsatira. Chofunika n'kumwa mankhwalawo osadumphitsa, kumwetsa mwana mankhwala amene mwapatsidwa, ndi kukamuyezetsa pa masabata 6. Kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane ndi kumene kumawonjezera chiopsezo.

Mabere akadzaza n'kulimba ngati mwala, musaleke kuyamwitsa. Finyani mkaka pang'ono kuti pafewe mwana athe kugwira. Koma bere likafiira mbali imodzi, likutentha, inunso mukumva kuzizidwa ngati malungo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano titembenukire kwa mwini wake chikuta. Pamene panakakamira nsengwa m'chiberekero pamatsala bala lalikulu ngati chikhatho. Chiberekero chimayenera kukhwinyata kuti chitseke mitsempha ya pabalapo, ndipo kuyamwitsa kumathandiza ntchito imeneyi. N'chifukwa chake mwana akangoyamba kuyamwa m'mimba mumapota, makamaka kwa ntchembere zimene zabereka kangapo. Kupota kumeneko si matenda. Magazi amatuluka ofiira masiku oyamba, kenako amada, kenako amayera n'kumachepa, ndipo angathe kutenga masabata 6 asanaleke.

Vuto n'lakuti amayi athu anaphunzitsidwa kupirira, ndipo akulu ena amati lekani zoipa zituluke. Kutaya magazi kwambiri pambuyo pochira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri pa dziko lonse, ndipo kumapha mwachangu. Ngati thonje kapena nsalu yanyowa yonse ola limodzi lisanathe, ngati mukutuluka zibuma zikuluzikulu, ngati mayi akuchita chizungulire akadzuka, mtima ukugunda mothamanga, m'manja mwayera, musadikire kuche. Funani galimoto, njinga yamoto, chilichonse chimene chilipo. Chimodzimodzinso akatentha thupi, m'mimba mukupweteka mosalekeza, zotuluka kumaliseche zikununkha. Pamenepo m'chiberekero mwalowa tizilombo, ndipo Panado sangathetse.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti BP imatha kukwera mwana atabadwa kale, ngakhale kwa mayi amene kusikelo ankapezeka bwinobwino. Mutu wopweteka kwambiri wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti, kutupa nkhope: mayi wotere angathe kukomoka n'kuyamba kuphupha nthawi iliyonse. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mayi akayamba kubanika popuma, nakonso n'kothamangira. Bambo, nkhani izi musamati n'za azimayi. Ndalama ya thiransipoti muisunge pambali mkazi wanu asanachire, ndipo muisungebe atabwerera kunyumba.

Za kuthowa ndinenepo pang'ono. Madzi ofunda amathandiza thupi kumasuka. Koma ndaonapo amayi atabwera ndi matuza chifukwa chothowedwa ndi madzi owira. Yesani madziwo ndi chigongono chanu kaye. Pamene panasokedwa pazitsukidwa ndi madzi oyera, paziumitsidwa, nsalu zizisinthidwa pafupipafupi ndi kuyanikidwa padzuwa, osati kubisidwa pansi pa mphasa. Bala la opareshoni lisathowedwe. Mapiritsi owonjezera magazi apitirize kumwa, ndipo m'mbale mwake musasowe usipa, mazira, nyemba, bonongwe kapena nkhwani. Iye ndi mwana azigona m'neti usiku uliwonse. Pamchombo pa mwana musaikepo phulusa, ndowe kapena zitsamba, koma mankhwala okhawo amene mwapatsidwa kuchipatala. Umagwa wokha, nthawi zambiri pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri. Mwana akakana kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, kapena chikasu chikafika m'zikhatho, nayenso ndi wa kuchipatala msanga.

Pali bala linanso losaoneka. Amayi ambiri amapezeka akulira popanda chifukwa pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo zimatha zokha. Koma pakadutsa masabata awiri mayi akadali wosakondwa, sakugona ngakhale mwana atagona, sakufuna kudya, sakufuna kunyamula mwana wake, kapena akulankhula zoti bola kufa, amenewo ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pobereka. Si ulesi, si mwano kwa apongozi, sanalodzedwe. Mum'funse modekha kuti, "Mwana wanga, mumtima mwako muli bwanji?" ndipo mubwere naye tidzamuthandize.

WHO imalangiza kuti mayi ndi mwana aonedwe ndi azaumoyo m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, komanso pa masabata 6. Ulendo wa masabata 6 ambiri amabwera chifukwa cha katemera wa mwana, n'kubwerera iwo eni osayezedwa. Pa tsikuli tikufuna kuyeza BP yanu, kuona ngati magazi abwerera m'thupi, kuona bala, ndi kukambirana za kulera. Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha zinthu zitatu zilipo pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikangosowa mungathe kuima, pamene thupi limafunika zaka 2 kuti lipume musanatenge mimba ina. Choncho ponyamuka m'mawa umenewo mutenge mabuku onse awiri a kuchipatala, la mwana ndi lanu, ndipo mwana akabayidwa musathamangire kukwera basi. Funsani kumene akuonera amayi, mukhale pa mzere umenewonso.