Dambwe ndi tchalitchi: mkangano umene sunathe m'midzi ya Achewa

Amishoni a Dutch Reformed atamanga ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, anapeza mudzi uli kale ndi sukulu yake. Mnyamata ankakulira ku dambwe, mtsikana m'manja mwa anamkungwi. Mmishonale akamanga kalasi, ndiye kuti akulimbirana mwana yemweyo ndi mwini mzinda, mfumu yokhala ndi ufulu wa gule ndi chinamwali. Apa ndiye panali gwero la mkangano, osati pa zigoba zokha ayi.

Mipingo inaika lamulo lolimba: wolowa gule adulidwe. Anthu a Nyau anayankha mwa njira yawo. Pabwalo panatuluka Maliya, Yosefe ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Anthu a m'Baibulo omwe ankalalikidwa Lamulungu anayamba kuvina m'fumbi, amayi akuwaimbira. Mpaka lero mumva ena akudzitcha a mpingo wa Aroni, kunena kuti nawonso ali ndi chipembedzo chawo.

Koma kuletsa kokha sikunathandize. A Nkhoma anaona kuti makolo achikhristu akutumizabe ana awo ku chinamwali mobisa, chifukwa mwana wosalangizidwa ankayesedwa wopanda mwambo. Mpingo unakhazikitsa chilangizo, n'kusankha alangizi pakati pa amayi ndi abambo ake. Ng'oma inachotsedwa, koma mwambo wolemekeza akulu ndi wa m'banja unatsala. Ine ndimaona kuti pamenepa mpingo unavomera, ngakhale mosanena, kuti mudzi unali ndi nzeru yosati n'kutayidwa.

Akatolika anasintha kwambiri pambuyo pa msonkhano waukulu wa maepiskopi awo wa Vatican II. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene Achewa anam'patsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976. Pamishoni pomwe kale ankalimbana ndi gule, lero zigoba mazanamazana zasungidwa m'nyumba ya Chamare. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Komabe nkhaniyi simathera ku Mua kapena ku Paris, kulikulu la UNESCO. Imabuka pamaliro. Gogo wamwalira, anali wolowa, koma ana ake ndi amayi a Chigwirizano, bungwe la amayi la mpingo wa Nkhoma. Kodi pasiwa paimbidwe sumu kapena pabwere kasiyamaliro? Woweruza ndi nyakwawa, yemwe mwina nayenso ndi mkhristu amene analandira ufumu wa malume ake pamodzi ndi mzinda wake, ndipo akuopa kudulidwa. M'midzi ina amagwirizana kuti mpingo uyambe, ukatseka ndi pemphero n'kuchoka, ng'oma zilire. Kwina abusa amakana kufika, ndipo banja limagawikana mtembo usanatuluke m'nyumba.