Tsunami si madzi osefukira wamba

Masiku ano mawu akuti tsunami akumveka paliponse. Wandale akapambana ndi mavoti ochuluka, atolankhani amati kwabwera tsunami ya mavoti. Mtsinje ukasefukira chifukwa cha mvula, ena amatinso ndi tsunami. Zamavotizo ndi kukometsa nkhani chabe, koma zamtsinjezi zimatidetsa nkhawa ife ogwira ntchito yochenjeza anthu za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chifukwa madzi a mvula ndi tsunami sizibwera mofanana, ndipo kuzithawa kwake n'kosiyananso.

Mawuwa ndi a Chijapani: tsu ndi doko, nami ndi funde. Dzinali likugwirizana ndi khalidwe lake. Pakati pa nyanja yakuya funde limeneli limathamanga mpaka makilomita 800 pa ola, liwiro la ndege, koma kawirikawiri silikwera kuposa mita imodzi, moti limadutsa pansi pa boti msodzi osadziwa kanthu. Likafika pamadzi osaya limachepetsa liwiro, madzi akumbuyo n'kumaunjikana pa akutsogolo, ndipo ukali wake wonse umakathera padoko.

Mafunde a masiku onse amadza ndi mphepo ndipo amangogwedeza madzi apamwamba. Tsunami imayamba nthaka ya pansi pa nyanja ikakwera kapena kutsika mwadzidzidzi, makamaka chifukwa cha chivomezi, nthawi zina chifukwa cha kugumuka kwa nthaka kapena kuphulika kwa phiri, monga linachitira la Krakatoa ku Indonesia mu 1883. Apa madzi onse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, amasunthira limodzi.

Anthu ambiri anawamva koyamba mawuwa pa 26 Disembala 2004, chivomezi chitachitika kufupi ndi chilumba cha Sumatra ku Indonesia n'kuyambitsa tsunami. Anafa anthu pafupifupi 230,000 m'mayiko 14, kuphatikizapo Somalia. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'malo ena nyanja inayamba yachenjeza. Madzi anabwerera m'mbuyo kutali, miyala ya pansi n'kuonekera, nsomba zikuphiriphitha pamchenga. Anthu anatsikira komweko kukaona zodabwitsazo, ndipo patangopita mphindi zochepa madziwo anabweranso kumtunda.

Choncho mukakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere n'kumva nthaka ikugwedezeka kwambiri, kapena kuona madzi akuphwa modabwitsa, thawirani kumtunda nthawi yomweyo, osadikira kuti muone funde. Musafulumirenso kutsika. Tsunami imabwera ndi mafunde angapo otsatizana kwa maola, ndipo nthawi zambiri lalikulu kwambiri silikhala loyamba.